Pulojekita, ma A4 kapena choko basi? Za kudula mapateni kwa ife osokera pakhomo ku Harare

Achemwali amene ayamba kugula mapateni a PDF pa intaneti akhala akufunsa ngati kuli bwino kugula pulojekita yodulira nsalu ngati zimene akuona pa YouTube zija. Ine ndimati musanafunse mtengo yang'anani kaye m'mwamba, denga lanu ndi lotani, kenako ganizani kuti ZESA, kampani ya magetsi ija, kudera kwanu imakukumbukirani nthawi yanji, ndiye mudzifunsenso kuti pateni imodzi mumaidula kangati pachaka. Mtengo ubwere pambuyo, chifukwa mutha kugula chinthu chabwino ndithu koma nkungokhala m'katoni pamwamba pa wadiropu.

Kwa amene simunaionepo, nkhani yake njosavuta. Pateni ili mu laputopu, pulojekita mwaimangirira m'mwamba yayang'ana pansi, ndiye mizere ya diresi kapena ya shati ija imawala pansalu penipenipo pa mulingo wake weniweni, inu nkumangotsatira. Palibe kupulinta, palibe kumata mapepala, palibe mapini. Zikumveka kukoma eti? Zimakomadi, koma tione kaye njira zimene tili nazo kale ngati zikufunikadi kusiyidwa.

Atelala athu achikulire a ku Mbare, Highfield, Mufakose uko PDF sakuidziwa ndipo sakuifuna. Amakuyeza pachifuwa, m'chiuno, m'mahipi, kutalika, kulemba m'kabuku kawo kodetsedwa ndi mafuta a makina kaja, choko pansalu, sizasi khwaa. Ngati ntchito yanu ili chonchi, makasitomala obwera ndi chitenje ndi chithunzi pafoni amvekere "amayi ndisokereni ngati iyi", pulojekita ilibe chokupatsani. Imawalitsa zomwe zili mu kompyuta basi, zomwe zili m'mutu mwanu siiziona. Ngakhale mapateni anu a makatoni opachika pamsomali aja, kuti alowe mu kompyuta si nkhani yongowajambula ndi foni ayi, foni imapotoza mulingo, mbali yoyandikira kamera imakula ina nkuchepa, ndiye pamafunika kukhala pansi kuwalembanso mu pulogalamu mzere ndi mzere. Choko chimavuta pokhapokha oda ikakhala ya mashati ambirimbiri a masaizi osiyanasiyana, pamenepo makolala amayamba kusiyana, komanso kwa wophunzira amene diso lake silinakhwime.

Tsopano ma A4, amene ambiri tinayambira. Mwagula pateni, mwaiika pa fulashi, mwapita kopulintitsa m'tauni. Diresi ya munthu wamkulu itha kudya mapepala 30, 40 kapena kuposa, ndiye kufika kunyumba kuyamba kudula m'mbali, kulumikiza tsamba ndi tsamba ndi selotepi, mwana wakhanda akukokera lina, madzulo onse kutha nsalu musanaikhudze nkomwe. Pali misampha iwiri apa. Woyamba, wopulinta uja akasiya pa "fit to page" pateni yonse imachepa pang'ono osaoneka ndi maso, mudzangodabwa bulauzi ikukana kutseka. Muuzeni aike pa 100% kapena "actual size", ndipo apulinte kaye tsamba limene lili ndi kabokosi koyesera kaja, kawirikawiri kamakhala ka 10 cm kapena mainchesi 4, muyeze ndi tepi yanu pomwepo pa kauntala musanalipire zonse. Wachiwiri, mapateni ambiri ochokera ku America amabwera pa pepala la Letter, lomwe ndi 216 ndi 279 mm, pamene A4 yathu ndi 210 ndi 297 mm, ndiye sankhani failo yolembedwa A4 ngati ilipo. Ubwino wa njirayi ndi woti simugula chipangizo chilichonse, ndipo pepala likangomatidwa ndi lanu, magetsi azime asazime. Munthu wosoka madiresi ake atatu anayi pachaka, apa mpokwanira.

Imene anthu amaiwala ndi A0. Malo amene amapulinta mapulani a nyumba ali ndi makina a pepala lalikulu, 841 ndi 1189 mm, kukula kwake ngati ma A4 okwana 16 pamodzi. Mapateni ambiri ogula amabwera ndi failo yolembedwa A0 kapena "copyshop", mumangopereka imeneyo, diresi yonse kutuluka pa pepala limodzi kapena awiri, palibe selotepi. Muwauze kuti mukufuna yakuda ndi yoyera pa pepala wamba, ndipo kabokosi kaja muyezebe. Choipa chake ndi chakuti pateni iliyonse ndi ndalama, kuphatikiza ya kombi, ndipo ngati mudula saizi 12 lero, mawa wina nkufuna 18, mubwereranso. Anzeru salidula pepala lalikululo, amaika pepala lopyapyala pamwamba nkutsatira saizi yomwe akufuna.

Tifike pa pulojekita. Apa ndikhalitsapo chifukwa mpamene ndalama zimatayika.

Nambala yofunika kwambiri pa pulojekita iliyonse ndi imene amati throw ratio. Tanthauzo lake ndi lophweka, mtunda wochokera pa lenzi kufika pansalu mugawe ndi nambala imeneyo, yankho lake ndiye m'lifupi mwa chithunzi chanu. Timapulojekita ting'onoting'ono ta LED timene tadzaza m'mashopu a zamagetsi tambiri timakhala pa 1.2 mpaka 1.5. Tiyerekeze siling'i yanu ili pa 2.4 m, tebulo ndi 80 cm, pulojekita ndi chomangirira chake zadya 25 cm. Zatsala 1.35 m. Kugawa ndi 1.3, chithunzi chanu ndi mita imodzi ndi pang'ono m'lifupi, mbali inayo pafupifupi 58 cm. Zovala za ana, mabulauzi, manja, makolala, zikwana bwinobwino. Mwendo wa thalauza ya bambo wamkulu sukwana, mudula theka kenako kusuntha. Mukachotsa tebulo nkumadulira pansi pasimenti, mtunda umafika 2.15 m ndipo chithunzi chimakula kufika 1.65 m, nsalu ya 150 cm yonse kulowa, koma mawondo ndi msana ndiye adzakuuzani okha.

Ndiye denga lija. Nyumba zambiri zakale m'malokesheni zilibe siling'i, ndi asibesitosi kapena malata pamwamba pa mitanda. Kumbali ina ndi mwayi chifukwa mtunda umachuluka ndipo pamtanda mutha kumangirirapo thabwa, koma asibesitosi musaboole chonde, fumbi lake ndi loopsa m'mapapo. Ngati ndinu loja mukudziwa kale kuti alandilodi akamva dirilo abwera akuthamanga. Njira yake ndi kupita ku Siyaso ku Magaba, msika wa amisiri uja wa ku Mbare, wowotcherera akupangireni choimika cha chitsulo chokhala ndi mwendo wolemera ndi mkono wotulukira pamwamba pa tebulo. Chisakhale chogwira patebulo penipeni, chifukwa mukangotsamira podula chithunzi chonse chimavina. Ena amaika pulojekita chogona pamwamba pa wadiropu nkuika galasi lopendekeka kutsogolo kwake kuti kuwala kugwere pansi, zimatheka ndipo mtunda umawonjezereka, kungoti galasi wamba lodziyang'anira limatulutsa mizere iwiriiwiri, komanso chithunzi chimatembenuka muyenera kuchibweza mu menyu.

Pogula kapulojekita kakang'onoka musakhulupirire katoni. Akalemba kuti "1080p supported" akungotanthauza kuti kamalandira chithunzi chotero, osati kamatulutsa. Funsani "native resolution", isachepere 720p, kutanthauza madontho 1280 m'lifupi. Pa chithunzi cha mita imodzi dontho lililonse silikwana milimita imodzi, mzere umaoneka bwino ndipo timalemba ta saizi timawerengeka. Tija ta 480p nta makatuni a ana, mukatikuza mpaka mita ndi theka mzere umasanduka masitepe. Ma lumens, muyeso wa mphamvu ya kuwala, olembedwa masauzande ambirimbiri pa katoni aja nawonso asakutengeni mtima, nambala yoona ndi imene yalembedwa ANSI ndipo imakhala yaing'ono kwambiri. Mukapita ku Gulf Complex kapena kwina kulikonse m'tauni, kaya mwapangana ndi munthu wa pa Facebook Marketplace, nyamulani tepi yanu yosokera. Muiyatsitse, muilozetse kukhoma pa mtunda womwewo umene muli nawo kunyumba, muyeze chithunzi, muone ngati ikufokasa, chifukwa zina sizifokasa zikayandikira kwambiri, muonenso m'makona ngati malemba akuoneka. Ndipo funsani ngati auto keystone ndi auto focus, zija zowongola ndi kufokasa chithunzi pazokha, zimatheka kuzimitsidwa, chifukwa pulojekita yodzikonza yokha imasintha mulingo wanu inu osadziwa. Yoitanitsa ku Johannesburg kudzera kwa ma runner, anthu otumidwa kukagula katundu aja, mwina mupeza yabwinoko pa ndalama yomweyo, koma ikafika yosafokasa mubweza kwa ndani?

Mtundu wina ndi umene osoka akunja amautama kwambiri, ultra short throw, makamaka ma Epson akale a m'makalasi aja amene amagulitsidwa ogwiritsidwa kale ntchito. Throw ratio yake ili cha m'ma 0.3, ndiye safuna denga, mumaiimika pashelefu kapena pakabati m'mbali mwa tebulo nkuwalitsa tebulo lonse, ndipo imawala mwamphamvu moti ngakhale masana mizere imaoneka. Kwa loja zikumveka ngati ndiye yankho. Ine kuno ku Harare ndimaikayikira. Choyamba ndi ya babu, imadya pafupifupi mawatsi 300, pamene ka LED kaja nthawi zambiri sikafika 100. Pa kainvita kakang'ono ndi batire imodzi, furiji ili pomwepo, mudziwa msanga. Chachiwiri babu lake lili ndi maola owerengeka, mu menyu muli polembedwa maola amene layaka kale, muone musanagule, ndipo likapsa kulipeza ndi ulendo wina. Fyuluta yake imafunanso kupukutidwa pafupipafupi, fumbi la August mpaka October mukulidziwa, kuphatikiza ulusi wa nsalu wouluka m'chipinda. Chachitatu, poti kuwala kwake kumabwera chopendekeka kwambiri, tebulo likakhala ndi kachitunda pang'ono kapena nsalu ikatukuka, mzere umathawa malo ake. Tebulo lanu liyenera kukhala lathyathyathya ndithu, ngati lanu linapindika pakati pitani kwa akalipentala ku Glen View Area 8 akudulireni bolodi yokhuthala yoika pamwamba. Amene muli ndi sola yamphamvu ndi chipinda chosokera chokhachokha, iyi ndiye mfumu, sindikana. Mukagula yochokera ku America yang'anani kumbuyo kwake ngati palembedwa 100 mpaka 240 V musanailowetse m'soketi yathu.

Nanga yobwereka kutchalitchi kapena kuofesi ija? Isiyeni. Zimenezo zinapangidwa kuti zikhale kumbuyo kwa holo, pa mita ndi theka zimatulutsa kachithunzi kakang'ono, ndipo za babu zambiri sizinapangidwe kuti ziziyang'ana pansi, zimatentha. Mudzayankha chiyani kwa akulu a mpingo?

Mwaimangirira, tsopano kuikonza mulingo. Apa mpamene ambiri amaopa koma sizovuta monga kale. Ngati muli ndi mati yodulirapo ya mizeremizere ija ya 60 ndi 90 cm, mwapata. Ngati mulibe, jambulani patebulo bokosi la 80 cm ndi 60 cm, kenako yezani chopingasa kuchoka kona ina kufika kona ya tsidya, zikhale 100 cm ndendende mbali zonse ziwiri, mmene amachitira amisiri omanga nyumba poyala maziko. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa Pattern Projector imene imatseguka mu Chrome, mumalemba kukula kwa bokosi lanu nkukoka makona anayi a chithunzi mpaka agwere pa makona a bokosilo, basi yatha, ngakhale pulojekita itapendekeka pang'ono imawongola yokha. Njira yakale ndi ya Adobe Acrobat Reader, kusinthasintha zoom mpaka kabokosi koyesera kakwane pa tepi, nkulemba nambalayo pakhoma kuti musaiwale. Imeneyi siifuna bandulo koma imafuna pulojekita yoima chilili bwinobwino, ndipo muyeze pakati ndi m'makona monse, osati malo amodzi. Gwiritsani kebulo ya HDMI ndi laputopu ngakhale yakalekale. Foni imatheka koma kasitomala akangoimba zonse zimasokonekera.

Si PDF iliyonse imakoma pa pulojekita. Yabwino ndi imene yalembedwa "projector file" kapena ya A0 ija, yokhala ndi ma layer oti mutha kuzimitsa masaizi ena nkusiya yanu yokha. Ngati munangopatsidwa ya ma A4, pulogalamu yaulere ya PDF Stitcher imalumikiza masambawo kukhala tsamba limodzi.

Podula penipeni pali tinthu timene mavidiyo aja sakuuzani. Iwo amadula ndi kampeni kozungulira kaja pa mati, nsalu ili gone osasuntha. Ife ambiri tili ndi sizasi, ndipo sizasi imanyamula nsalu, ikangonyamuka mzere wowala uja wasuntha. Ndiye tsinjirani nsalu ndi zitini kapena mawashala olemera, tsatirani mizere yonse ndi choko kaye, madati, malo a matumba, tizizindikiro tolumikizira manja, kenako dulani mwa chizolowezi chanu. Sitani nsalu musanayale. Dzanja lanu limapanga mthunzi pamzere, mudzazolowera kuima chammbali. Pa nsalu yoyera ya mabulauzi a amayi a CCAP aja mizere imaoneka mbee, pa imvi ndi nevi za yunifolomu ya sukulu tembenuzani mitundu kuti kumbuyo kukhale kwakuda mizere yoyera kapena yobiriwira. Chitenje cha maluwa ambiri ndiye chimavutitsa maso, yalani chakumbuyo ngati kuli kotuwirako, zimitsani nyali ya m'chipinda.

Koma pa chitenje pomwepo mpamene pulojekita imandisangalatsa kuposa pepala. Pepala limaphimba nsalu, simuona kuti duwa lagwera pati mpaka mutadula. Apa mukuona zonse, mutha kusuntha chithunzi kuti chizungulire chachikulu chija chisagwere pamalo ochititsa manyazi kumbuyo kwa siketi, mbalame zisakhale chadodolido, ndipo pa chitenje cha mamita awiri chimene kasitomala akuumirira kuti chikwane diresi ndi duku mutha kuyesa kayalidwe kangapo musanagwire sizasi.

Kusintha pateni nako kuli pawiri. Zosintha zazing'ono pulojekita imapambana kutali. Kutalikitsa siketi ndi 5 cm, lembani ndi choko mpaka pamzere wotalikitsira, sunthani chithunzi 5 cm motsatira ulusi wa nsalu, pitirizani, lumikizani m'mbali. Kasitomala wa chiuno cha 14 mahipi a 18, zimene kwathu kuno si zachilendo, yatsani ma layer awiriwo nkuyendetsa choko kuchoka pa mzere wina kupita pa unzake. Kutembenuza dzanja lamanzere kukhala lamanja ndi batani limodzi. Muonenso ngati pateniyo ili kale ndi malo a msoko ndi mpendero, ena amaika ena saika, ndipo 14 wa kampani ina si 14 wa ina, khulupirirani tepi. Koma zosintha zikuluzikulu, kuwonjezera malo pachifuwa kwa mayi wa mabere aakulu, phewa lotsika, msana wolowa, apo pamafunika kung'amba pateni ndi kuitambasula, ndipo kuwala simungakung'ambe. Mwina muphunzire Inkscape, njaulere, kapena Seamly2D imene mumailowetsa miyezo ya munthu, koma zimafuna nthawi ndi mtima wodekha. Ambirife chachangu ndi kuwalitsa pateni pa pepala la khaki, kutsatira ndi pensulo, kenako sizasi ndi selotepi monga mwa masiku onse.

Njira imeneyi, yowalitsa papepala osati pansalu, ndi imene ndikuona kuti ikutiyenera kwambiri kuno. Tonse tikukumbuka 2019 madzi atatsika ku damu la magetsi la Kariba, magetsi kumazima mpaka maola 18 patsiku nkumabwera anthu atagona, ndipo mpaka lero palibe angalumbire kuti mawa masana adzakhalapo. Munthu amene ntchito yake yonse yodula yadalira pulojekita, tsiku lopanda magetsi wakhala manja lende, pamene mnzake wa makatoni ndi makina opalasa akungosoka. Mwayi wake ka LED kamafuna mdima, ndipo usiku ndi pamene magetsi amakonda kukhalapo, ndiye usiku umodzi mutha kutsatira masaizi onse a shati, kabudula ndi diresi ya sukulu pa makatoni, kulemba saizi pa chilichonse, kupachika pamsomali, December ndi January yense nkumadula masana popanda kudikira ZESA. Ikani ka surge protector, kotetezera zipangizo ku magetsi obwera mwamphamvu, pa soketi, magetsi akamabwera amabwera ndi ukali.

Zikatere simufunikanso aliyense kukhala ndi yakeyake. Osoka atatu anayi oyandikana ku Mabvuku kapena ku Dzivarasekwa mutha kusonkherana imodzi, nkuimangirira kwa amene ali ndi denga labwino ndi landilodi wosavuta, ena muzipita ndi fulashi ndi makatoni anu. Kungoti mapateni ogula ambiri ali ndi malamulo a mwini wake pa nkhani yogawana failo ndi yosokera malonda, muwerenge musanagule. Ndipo aliyense akafika ayambe wayeza kabokosi ka 10 cm kaja, chifukwa simudziwa ngati mwana wa pakhomopo sanaigunde ndi tsache dzulo lake.